Galasi la kwa Mayi Shaima lidaswedwa ndi wam'kati

Lachitatu pa 21 Malichi 2012, m'tawuni ya El Cajon, kufupi ndi mzinda wa San Diego ku California m'dziko la America, mtsikana wa zaka 17 adatsika kuchokera m'chipinda cham'mwamba nkupeza mayi ake ali thasa pansi, magazi ali ponseponse. Mayiwo, a Shaima Alawadi, adali ndi zaka 32 ndi ana asanu. Adamenyedwa m'mutu kangapo ndi chinthu cholemera mpaka chigaza kusweka. Galasi la chitseko chakuseri lidali loswedwa, ndipo pafupi ndi pamene adagwerapo padali kapepala kowatchula chigawenga ndi kuwauza kuti abwerere kwawo. Madokotala adayesetsa masiku atatu. Loweruka pa 24 Malichi makina owathandiza kupuma adazimitsidwa, mayiwo nkutisiya.

Padadutsa miyezi yoposa 7 popanda womangidwa. Mlanduwu udagamulidwa kale, koma miyezi imeneyo ndiyo tikufuna kuibwerera. Pakati pa tsiku la maliro ndi tsiku la chigamulo, manda atakwiriridwa koma dzina la wakupha lisadadziwike, pakamwa pa anthu pamathamanga kusiya umboni kumbuyo. Ku El Cajon pakamwapo padathamanga kawiri, ulendo woyamba kuloza kunja, wachiwiri kuloza mwana wamasiye, ndipo maulendo onse awiri padaphonya.

A Shaima adabadwira ku Iraq m'banja la Asilamu a Chishia. Makolo awo adathawa kwawo boma la Saddam Hussein litaphwanya mwankhanza anthu a kum'mwera amene adaliukira mu 1991. Adakhalako kumsasa wa othawa nkhondo ku Saudi Arabia, kenaka adalandiridwa ku America m'zaka za m'ma 1990, nakhala ku Michigan ndi ku California. El Cajon si malo achilendo kwa munthu wa ku Iraq. Kuli anthu zikwizikwi ochokera kumeneko, Akhristu ndi Asilamu omwe, ndipo zikwangwani za Chiarabu pamasitolo sizisowa. Mayiwa ankavala hijab. Wodziwa kuwerengera waona kale kuti mayi wa zaka 32 wokhala ndi mwana wa zaka 17 adalowa m'banja iye mwini akadali mwana. Zimenezo nzosadabwitsa kwa ife a m'mbali mwa nyanja, ngakhale lamulo lathu tsopano lidaika zaka 18.

Amene adakhulupirira kapepala kaja sadali opusa. Zaka zitatu zisadakwane m'mbuyomo, pa 1 Julayi 2009, mayi wina wa ku Egypt, a Marwa El-Sherbini, adabayidwa mpaka kufa m'kati mwenimweni mwa khoti mumzinda wa Dresden ku Germany, ali ndi pakati, mwana wawo wa zaka zitatu akuona. Wowabayayo adali munthu amene adawatukwanapo chifukwa cha hijab, ndipo tsikulo mayiwo adapita kukhotiko kukaperekera umboni za chipongwecho. Ku America komweko, chichitikireni zauchigawenga za pa 11 Seputembala 2001, amayi ovala hijab adazolowera kunyozedwa m'misewu ndi m'masitolo. A pabanja la a Shaima adanenanso kuti kapepala kofanana ndi kameneko kadapezekapo panja pa nyumbayo masiku angapo m'mbuyo, koma sadakanene kupolisi. Tsono munthu womva zonsezi akadaganiza chiyani?

Nkhaniyo idagwera pa nthaka yonyowa kale. Pa 26 Febuluwale chaka chomwecho, mnyamata wachikuda wa zaka 17, Trayvon Martin, adawomberedwa ku Florida atavala juzi ya chipewa, ndipo dziko lonselo lidali pamkangano wa tsankho. Anthu adalumikiza imfa ziwirizi: wina waphedwa chifukwa cha juzi, wina chifukwa cha mpango wa kumutu. Pa Facebook padatsegulidwa tsamba loitana amayi miliyoni imodzi kuti avale hijab pokumbukira a Shaima, ndipo amayi ambiri amene sadali Asilamu adajambulitsa atafunda kumutu. Ophunzira a m'mayunivesite adachita misonkhano ya chikumbutso. Chifundo chimenecho chidali chenicheni ndipo sitichinyoza.

Apolisi a ku El Cajon, mothandizidwa ndi a FBI, adanena kuyambira pachiyambi kuti chidani cha chipembedzo ndi njira imodzi chabe mwa zimene akufufuza, ndipo mkulu wawo, a Jim Redman, adati sakuona kuti anthu ena a ku Iraq m'tawuniyo ali pachiopsezo. Mawu amenewo adamveka ozizira kwa anthu okwiya. Ena adawamva ngati a boma akufuna kukwirira nkhani. Thupi la mayiwo lidanyamulidwa pandege kukaikidwa ku Najaf ku Iraq, ndipo makamera a atolankhani adaonetsa mwamuna wawo, Kassim Alhimidi, akulira mosatonthozeka pambali pa bokosi, akupempha kuti wakupha mkazi wake apezeke.

Kumayambiriro kwa Epulo, zikalata za apolisi zimene zidayenera kukhala zachinsinsi kukhoti zidafika m'manja mwa atolankhani. M'menemo mudali nkhani ziwiri. Yoyamba idali yakuti m'galimoto ya a Shaima mudapezeka mapepala osumira kuti banja lithe. Yachiwiri idali yakuti mwana wamkulu uja adali pamkangano ndi makolo ake pa nkhani ya ukwati umene ankamukonzera. Mphepo idatembenuka tsiku lomwelo ngati mwera wodzidzimutsa asodzi. Amene dzulo lake ankalumbira kuti wapha ndi mzungu wodana ndi Asilamu adayamba kunong'onezana za mtsikanayo. Pa intaneti anthu osamudziwa nkomwe adamuzenga mlandu namugamula. Mwana amene adapeza mayi ake m'thamanda la magazi, amene adaimbira foni opulumutsa anthu akunjenjemera, adasenzetsedwanso katundu wotchedwa wakupha mayi ake. Apolisi sadamuimbe mlandu uliwonse, ndipo patapita zaka ziwiri adaima m'khoti ngati mboni.

Ofufuza sadathamange. Adaona kuti galasi la chitseko chija lidaswedwa ndi munthu amene adali m'kati mwa nyumba, osati wolowa kuchokera kunja. Adaona kuti kapepala kaja kadali fotokope chabe. Alhimidi adawauza kuti atasiya ana aang'ono kusukulu m'mawa umenewo adangopita kokayenda pagalimoto, koma makamera a m'deralo adaonetsa galimoto yofanana ndi yake itaima pafupi ndi nyumbayo pa nthawi ya chiwembucho. Zidadziwikanso kuti a Shaima adatsimikiza zothetsa banja ndi kusamukira ku Texas kumene kudali abale awo. Pa 8 Novembala 2012 Alhimidi, wa zaka 48, adamangidwa, ndipo apolisi adalengeza kuti imfayo idali ya nkhanza za m'banja, osati ya chidani cha chipembedzo. Pa 17 Epulo 2014 gulu la nzika zosankhidwa kumva mlanduwo lidamupeza wolakwa pa kupha mwadala, ndipo mu Juni chaka chomwecho adalamulidwa kukhala m'ndende zaka zosachepera 26, mwinanso moyo wake wonse.

Tsopano tibwerere ku kapepala kaja, chifukwa mpamene pagona nkhani. Kapepalako sikadalembedwere a Shaima. Munthu amene wamenyedwa mpaka chigaza kusweka sawerenga kalata. Kadalembedwera apolisi, atolankhani, ndi Asilamu onse a dziko lapansi. Wokasiyayo ankadziwa bwino bala limene Asilamu ali nalo, ankadziwa mawu amene akawamva magazi amawira, ndipo adawasankha monga msodzi asankhira nyambo yoyenera nsomba imene akuifuna. Adatenga misozi ya a Marwa El-Sherbini ndi ya amayi onse onyozedwa chifukwa cha hijab nkuisandutsa chofunda chake. Kuwonjezera pa moyo wa mayi wa ana ake, adabanso china: chikhulupiriro chimene anthu amapereka kwa Msilamu wodandaula kuti wachitiridwa zachidani. Chichokereni nkhani ya ku El Cajon, wofuna kukana dandaulo lenileni la mayi wovulidwa hijab pamsewu adapeza chitsanzo choti aziloza.

Machenjera otere si a lero. Sura yaitali kuposa zonse m'Qur'an yolemekezeka, Al-Baqara, idatenga dzina lake pa nkhani ya munthu wophedwa amene womupha sankadziwika. Ndime 72 ndi 73 zikukamba za anthu a Mneneri Musa, mtendere ukhale pa iye, amene adapha munthu nayamba kukankhirana mlanduwo, mpaka Allah adaulula zimene ankabisa. Omasulira Qur'an, mwa iwo Ibn Kathir, adasunga nkhani yochokera kwa akale yofotokoza kuti wakuphayo adali m'bale wa malemuyo, woyembekezera chuma chamasiye. Adanyamula mtembo usiku nkukausiya pakhomo pa anthu ena, kutacha nkukhala woyamba kulira ndi kufuna kuti magazi a m'bale wake alipidwe. Ana athu amaloweza ndime zimenezi kumadrasa, ndipo kawirikawiri chimene chimatsalira m'mitu yawo ndi mtundu wa ng'ombe ija ndi mafunso ochuluka a eni nkhaniyo. Koma pansi pa ng'ombeyo pali mtembo wosiyidwa pakhomo pa osalakwa, ndi wakupha amene adalira kuposa onse pamaliro.

Misozi payokha si umboni wa kulakwa, ndiponso si umboni wa kusalakwa. Abale ake a Mneneri Yusuf adafika kwa bambo awo usiku akulira, malaya a magazi abodza ali m'manja. Ndipo m'sura yomweyo, pamene mawu a anthu awiri adatsutsana, chimene chidaweruza ndi mbali imene malaya adang'ambikira. Apolisi amene adagwada pansi kuyang'ana kumene zidutswa za galasi zidagwera ankatsata njira imene Msilamu aliyense wowerenga Qur'an ayenera kuizindikira.

Pali nkhani ina imene ikufanana kwambiri ndi miyezi 7 ija, ndipo ili m'mabuku a Hadith a Bukhari ndi Muslim. Maswahaba awiri, Abdullah ibn Sahl ndi Muhayyisa ibn Mas'ud, adapita ku Khaybar pa nthawi ya pangano la mtendere. Atafika adasiyana, aliyense kutsata zake. Kenaka Muhayyisa adamupeza Abdullah ataphedwa. Khaybar lidali dera la Ayuda, ndipo pakati pa iwo ndi Asilamu padali mbiri ya nkhondo. Ngati padali imfa imene aliyense akadati wakupha ngodziwikiratu, idali imeneyi. Muhayyisa, m'bale wake Huwayyisa, ndi Abdur-Rahman m'bale wake wa malemu adapita kwa Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, ali ndi mkwiyo womveka.

Mtumiki sadatumize asilikali. Adawafunsa ngati angalumbire malumbiro 50 otsimikiza za wakuphayo. Iwo adakana, chifukwa sadalipo ndipo sadaone. Tiime pamenepa pang'ono. Awa ndi anthu amene m'bale wawo waphedwa m'dera la anthu amene ankawakayikira, m'mitima mwawo sadali ndi chikayiko chilichonse, ndipo njira yopezera chimene ankafuna idatsegulidwa pamaso pawo. Komabe lilime lawo lidakana kulumbirira chimene maso sadaone. Mtumiki adati ndiye kuti Ayudawo adziyeretse ndi malumbiro 50 a anthu awo. Abalewo sadakhutire nazo zimenezo. Pamapeto pake Mtumiki adalipira yekha dipo la malemuyo, ngamira 100, kuti magazi a munthu asapite pachabe.

Pachigamulo chimenechi padamangidwa gawo la malamulo a Chisilamu lotchedwa qasama, lokhudza mtembo wopezeka popanda wakupha wodziwika. Maulama adasiyana pa kayendetsedwe kake. Kwa Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsata, abale a malemu ndiwo amayamba kulumbira, ndipo pokhapokha ngati pali chizindikiro champhamvu choloza kwa woganiziridwayo. Kwa Imam Abu Hanifa, amuna 50 a m'dera limene mtembo wapezeka amalumbira kuti sadaphe ndipo sakumudziwa wakupha, kenaka dipo limaperekedwabe. Sitikunena kuti qasama ibwere m'makhoti a Malawi kapena a California. Milandu ya kupha ili m'manja mwa boma, ndipo ikhale momwemo. Koma taonani zinthu ziwiri zimene lamulolo lidagwira pamodzi osataya chimodzi. Munthu sapatsidwa mlandu wa magazi chifukwa chakuti ndi wa mtundu wina, wa chipembedzo china, kapena chifukwa aliyense akuti ndi iyeyo. Ndipo mudzi umene mtembo wapezekamo suloledwa kungopukusa mutu nkubwerera kumunda. Munthu aliyense amafunsidwa payekha, pamaso pa Allah, ngati akudziwapo kanthu.

Masiku ano zinthu ziwirizi zidatembenuzika. Kunena za amene tikumuganizira nkosavuta. Foni ili m'manja, gulu la WhatsApp likudikira, ndipo uthenga umachoka ku Nkhotakota kufika ku Johannesburg madzi a tiyi asadawire. Kunena zimene tikudziwadi, kwa wapolisi amene akulemba, dzina lathu lili pansi pake, ndiko kumasowa anthu. Sura ya Al-Hujurat ikutiletsa kuchuluka kwa zoganizirana ndipo ikutilamula kufufuza nkhani tisadaigwiritse ntchito. Sura ya Al-Baqara, ndime 283, ikuletsa kubisa umboni ndipo ikuti wobisayo mtima wake ngochimwa. Malamulo awiriwa sakutsutsana. Loyamba likutseka pakamwa pa wongoganiza, lachiwiri likutsegula pakamwa pa woona. Zimene kuganizirana kumabala tidaziona kwathu konkuno mu Januwale 2016 ku Neno, kumene agogo anayi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mtsikana atafa ndi mphenzi. Kumeneko kudalibe ngakhale wakupha woti afunidwe, koma dzina lidapezeka tsiku lomwelo.

Alhimidi atamangidwa, ena mwa odana ndi Chisilamu adaomba m'manja. Adati taonani, ndi mmene amachitira Asilamu ndi akazi awo. Amenewo adagwa m'dzenje lomwe lija: kutenga mlandu wa munthu mmodzi nkuuveka mtundu wonse. Lipoti la mabungwe a United Nations lonena za chaka cha 2023 lidapeza kuti amayi ndi atsikana pafupifupi 85,000 adaphedwa mwadala padziko lonse, ndipo mwa iwo pafupifupi 51,100 adaphedwa ndi amuna awo, zibwenzi zawo kapena abale awo. Ameneyo ndi mayi kapena mtsikana mmodzi pa mphindi 10 zilizonse, m'maiko a zipembedzo zonse ndi a opanda chipembedzo. Africa ndiyo idatsogola ndi pafupifupi 21,700. Wopha mkazi wake chifukwa akufuna kuchoka alipo ku Texas, ku Mumbai, ku Lima ndi kuno kwathu, ndipo chimene amafanana si buku limene amawerenga koma maganizo akuti mkaziyo ndi katundu wake.

Koma yankho limeneli, ngakhale ndi loona, lisakhale pobisalira pathu. Pali mantha amene timawamvetsa, akuti tikayankhula poyera za nkhanza za m'mabanja a Asilamu tipereka mkondo kwa otinyoza. Mantha amenewo amakula kwambiri pakati pa anthu ochepa okhala pakati pa ambiri, monga Asilamu a ku America, ndipo ife a ku Malawi sitili kutali nawo. Koma taganizani amene amapindula ndi chete ameneyo. Si Chisilamu. Wonyoza adzanyozabe, kaya tiyankhule kaya tikhale chete. Wopindula ndi mwamuna uja wa dzanja lolemera, amene amadziwa kuti anthu ake adzasankha kuteteza mbiri ya mzikiti kusiyana ndi kuteteza mutu wa mkazi wake. Ndime 135 ya Sura ya An-Nisa ikulamula okhulupirira kuimirira chilungamo ndi kuchitira umboni chifukwa cha Allah ngakhale umboniwo ukhale wotsutsa iwo eni, makolo awo kapena abale awo. Ndimeyo sidasiye mpata wakuti umboni ubisidwe pamene adani akumvetsera.

Chinthu chimene chidakhala m'galimoto ya a Shaima, mapepala othetsera banja, chikutikhudza kwambiri kuposa kapepala ka pambali pa thupi lawo. Mayiwa ankafuna kuchoka, ndipo ankachoka m'njira ya lamulo. Chisilamu sichidatseke khomo limenelo. Mkazi wa Thabit ibn Qays adapita kwa Mtumiki nanena kuti sangapitirize kukhala ndi mwamuna wake, ngakhale sadamunene za khalidwe kapena za chipembedzo chake. Mtumiki adamufunsa ngati angabweze munda umene adapatsidwa ngati mahari, iye adavomera, banja nkutha. Imeneyo ndiyo khul'u, ndipo ili m'mabuku onse a malamulo athu. Mayiyo sadauzidwe kuti banja ndi kupirira. Sadabwezedwe kunyumba kuti akaganizenso.

Amene amagwira ntchito yothandiza ozunzidwa m'mabanja, m'maiko osiyanasiyana, amagwirizana pa mfundo imodzi: nthawi yoopsa kwambiri kwa mayi wokhala ndi mwamuna wankhanza ndi pamene wanena kuti akuchoka, ndi miyezi yotsatira atachoka. Apa mpamene mwambo wathu, umene uli ndi zabwino zambiri, umafunika kuunikidwa. Mayi akadandaula, timaitana ankhoswe a mbali zonse, monga Sura ya An-Nisa ndime 35 ikulangizira, nthawi zina pamodzi ndi shehe. Nkhani imakambidwa pakhonde, mwamuna amapepesa, mayi amafunsidwa pamaso pa onse ngati wakhululuka, ndipo dzuwa likamalowa onse awiri amabwerera m'nyumba imodzi, chitseko nkutsekedwa. Pa mkangano wa ndiwo kapena wa ndalama za usipa, njira imeneyi ndi yabwino ndipo yapulumutsa mabanja osawerengeka. Koma pamene mwamuna wanenapo kuti ndidzakupha, pamene wagwirapo pakhosi, pamene wasonyezapo chikwanje, bwalo lomwelo limasanduka malo amene mwamunayo wamvera pagulu kuti mkazi wake akufunadi kuchoka, kenaka nkupatsidwa mkaziyo kuti apite naye kunyumba usiku womwewo.

Ankhoswe ndi mashehe athu ayenera kusiyanitsa milandu iwiriyi, ndipo funso lake ndi lalifupi. Mayiyo afunsidwe payekha, mwamuna kulibe, makamaka ndi mayi mnzake wamkulu: kodi mukuopa kuti akhoza kukuphani? Akayankha kuti inde, nkhaniyo yachoka pa kuyanjanitsa. Akagone kwa abale ake, ndipo asabwerere yekha kukatenga zovala. Malawi ali ndi lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la chaka cha 2006, limene limapatsa khoti mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira wozunzidwayo, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa. Kuperekeza mlongo wathu kumeneko si kutengera za Asilamu kwa akunja. Kuteteza moyo ndi chimodzi mwa zolinga zisanu zikuluzikulu za Sharia zimene maulama monga Imam Al-Ghazali adazitchula, ndipo banja limene latha likhoza kumangidwanso ndi nikah yatsopano ngati eni ake afuna, pamene mayi woikidwa m'manda sabwerera.

Tinenenso za anansi. Nyumba za ku El Cajon zili ndi mipanda ndi magalaja, ndipo munthu akhoza kukhala zaka osadziwa dzina la woyandikana naye. Nyumba zathu zambiri sizili choncho. Kulira kwa m'nyumba imodzi kumamveka m'nyumba zisanu. Amayi kudooko amaona chotupa chimene mpango walephera kubisa. Mwana amafika kumadrasa maso ali ofiira nanena zimene zidachitika usiku. Kwathu kuno mayi akaphedwa m'nyumba mwake, nkovuta kukhulupirira kuti mudzi wonse sudadziwe kanthu. Chimene chimachitika nchakuti odziwawo amayeza kulemera kwa chibale, kwa ulemu wa banja lakutilakuti, kwa maulendo a kukhoti ndi ndalama za minibasi, nkusankha kukhala chete. Kenaka pamaliro, m'malo mwa umboni, mumamveka manong'onong'o a ufiti, a mlendo amene adadutsa dzana, a mkazi mnzake wa mitala. Akuluakulu adati mlandu suola, koma umboni umaola. Mboni zimasamuka, zimaiwala, zimamwalira, ndipo malo a ngozi akapondedwa ndi khamu la anthu odzaona, zimene wapolisi akadawerenga pansi zimafufutika.

Pali chinthu china chimene mwambo wathu wa maliro uyenera kuchilolera. Timafulumira kuika malemu, ndipo ndi Sunnah. Koma imfa ikakhala yokayikitsa, kudikira kuti dokotala aunike thupi si kunyoza malemu. Amayi osambitsa mtembo ndiwo amaona zimene wina aliyense sadzaonanso. Nzoona kuti wosambitsa amalangizidwa kusunga chinsinsi cha zimene waona pathupi la malemu, koma langizo limenelo lidaikidwa kuti liteteze ulemu wa womwalirayo, osati kuti liteteze amene adamuvulaza. Mabala a pakhosi kapena a kumutu amene sakugwirizana ndi nkhani imene yanenedwa ayenera kufika kwa oyenera sanda isadakulungidwe. A Shaima adaikidwa patadutsa masiku angapo, kutali ku Najaf, madokotala atalemba kale za mabala awo, ndipo zolembazo zidakagwira ntchito m'khoti patapita zaka ziwiri.

Mlandu wa ku El Cajon sudathe mosalala. Chida chimene chidagwiritsidwa ntchito sichidapezeke. Padalibe mboni yoona ndi maso, ndipo oimira Alhimidi adatsindika kuti panalibe magazi kapena chizindikiro cha pathupi chomulumikiza ndi imfayo. Iye adakana mlanduwo mpaka tsiku la chilango, akufuula m'khoti kuti ngosalakwa. Omva mlanduwo adagamula potengera galasi, fotokope, makamera, mapepala a m'galimoto ndi mawu a ana a m'nyumbamo. Tsiku la chigamulo m'khotimo mudabuka phokoso, abale a mbali ziwiri akukalipirana, ana akulira. Ana asanu aja adatsala opanda mayi, bambo awo ali m'ndende, ndipo wamkulu mwa iwo adali atakhala kale miyezi yambiri akuwerenga pa intaneti anthu osamudziwa akumutchula wakupha.